Mawu a Matafale Anatipeza M'minibasi

M'masiku a Kamuzu, mwamuna wosunga tsitsi lalitali ankadziputira mlandu. Ngakhale mlendo wotsika ndege pa Chileka, akakhala ndi tsitsi lofika m'mapewa, ankayamba wameta asanalowe m'dziko. Choncho ife amene tinakula nthawi imeneyo, Rasta tinkamuonera pachikuto cha kaseti basi. Reggae tinkaikonda, koma inali ya eni ake. Makaseti a Bob Marley, Peter Tosh ndi Lucky Dube ankayenda m'manja mwa anyamata mpaka mawu kutha mphamvu, ndipo tinkayimba nawo Chingerezi chomwe theka lake sitinkalimva. Wailesi inali imodzi, MBC, ndipo nyimbo yoti iulutsidwe inkayamba yasefedwa. Woyimba wofuna kudandaula za boma ankabisa nkhani yake m'mwambi, wakumva yekha ndiye azitolera.

Riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994 zitadutsa, pakamwa panatseguka. Pano tisawalande ulemu a ku Balaka. Paul Banda ndi Alleluya Band anali atayamba kale kuyika Chichewa pa kayimbidwe ka reggae, ndipo mng'ono wake Lucius ndi amene anayamba kutchula poyera zomwe anthu ankangonong'onezana. Koma reggae ya ku Balaka inali yopepuka, ya kiyibodi, yoti ndi amayi a kwaya omwe avine osachita manyazi. Yolemera ija, ya besi yogunda m'chifuwa, tinkaganizabe kuti imafuna Chingerezi cha ku Jamaica.

Kenaka mu 1999 kunatuluka Kuimba 1, chimbale cha Evison Matafale, mnyamata wa ku Chileka. Ine ndinamumva koyamba m'minibasi yochokera ku Limbe. Kondakitala anali pakati pokangana ndi mayi wina za chenji, dalaivala n'kukankha kaseti m'wailesi. Besi itayamba ndinayembekeza Chingerezi monga mwa masiku onse. M'malo mwake munatuluka Chichewa, chosapotoza lilime, chotchulidwa bwinobwino ngati munthu akuwerenga Baibulo m'tchalitchi. Mawu ake anali ofewa, achisoni pang'ono, osakuwa. Mkangano wa chenji uja unazirala wokha, ndipo bambo wina wachikulire wa jekete amene anakhala pambali panga anafunsa dalaivala kuti, “Akuyimbayu ndi wa kuno konkuno?”

Funso limenelo ndi lomwe ambiri tinali nalo. Matafale sanangomasulira nyimbo za ku Jamaica. Anatenga kulemera kwa roots reggae n'kukuphatikiza ndi zomwe Mmalawi aliyense anakula nazo: nkhani za aneneri, za Danieli ndi Chivumbulutso, kayimbidwe ka wina kutsogolera ena n'kumavomera, ndiponso mafunso a munthu wosauka amene wagwira ntchito tsiku lonse koma wagona ndi njala. Mu “Olakwa Ndani” sanaloze chala munthu mmodzi. Anangofunsa, ndipo funsolo linakhala lolemera kuposa chipongwe. Sizodabwitsanso kuti zoterezi zinachokera ku Chileka. Dera limeneli ndi lomwe linabala Daniel ndi Donald Kachamba, amene anatenga kwela ya ku South Africa n'kuisandutsa yawoyawo, komanso Robert Fumulani wa Likhubula River Jazz Band. Anthu a kumeneko anazolowera kulandira nyimbo yachilendo n'kuiphunzitsa kulankhula chakwathu.

Nthawi imeneyo nyimbo tinkamvera limodzi. Kaseti imodzi yogula kwa O.G. Issa inkazungulira nyumba zonse za pamzere wathu. Tepi ikakodwa, tinkaikoka pang'onopang'ono, kuiwongola ndi chala, n'kuikulunga ndi bolopeni kuti tisawononge mabatire. Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa. Chifukwa cha kumvera limodzi kumeneku, agogo amene ankati Marasta ndi anthu a chamba anayamba kumva okha zomwe Rasta uyu ankanena, ndipo anapeza kuti akutchula mavesi omwe iwo ankawadziwa pamtima. Ndikukhulupirira kuti mitima yambiri inayamba kufewera pamenepo.

Kuimba 2 inatuluka mu 2001, ndipo chaka chomwecho chisanathe, mwini wake anali m'manda. Anamangidwa chifukwa cha makalata odzudzula Pulezidenti Bakili Muluzi, n'kumutengera ku Lilongwe ali wodwala kale. Pa 27 November 2001 anamwalira ali m'manja mwa apolisi, ali ndi zaka 32. Aboma anati chinamupha ndi chibayo. Abale ake ndi anthu ambiri sanakhutire ndi yankho limenelo. Kwa ine, chopweteka kwambiri chinali chakuti izi zinachitika mu ulamuliro womwe tinauvotera kuti munthu asadzamangidwenso chifukwa cha zomwe walemba. Kalata ikhoza kukhala yaukali, ikhoza kukhala yolakwika, koma munthu wodwala malo ake ndi kuchipatala, ndipo kalata imayankhidwa ndi kalata inzake.

Zomwe zasintha kuchokera pamenepo n'zambiri. Black Missionaries, gulu loyimba la Matafale, sanafe ndi mtsogoleri wawo. Musamude Fumulani anatenga udindo mpaka pamene iyenso anatisiya mu 2007, kenaka Anjiru, ndipo zimbale zawo zikutchedwabe Kuimba, nambala n'kumangokwera. Rasta lero amagulitsa pamsika, amaphunzitsa, amakwatira mwana wa m'busa. Mu 2023 bwalo lalikulu la milandu ku Zomba linagamula kuti ana osunga tsitsi la Chirasta aziloledwa m'sukulu za boma. Mwana wobadwa lero amaona ngati reggae ya m'Chichewa inalipo chiyambire, ndipo sadziwa kuti panali munthu amene anayenera kutsimikizira dziko kuti n'zotheka.

Makaseti anatha. Tinadutsa pa ma CD, kenaka kubenetsa nyimbo pa memory card kwa anyamata a makompyuta pamsika, ndipo tsopano aliyense ali ndi zake m'foni, mahedifoni m'makutu. Sindikudandaula nazo kwenikweni, chifukwa mwana wa ku Nsanje akhoza kujambula nyimbo m'chipinda chake n'kumveka ku Karonga tsiku lomwelo. Chomwe chimandiwawa ndi china. Oyimba a lero ali ndi ufulu woposa womwe Matafale anali nawo, koma nyengo ya kampeni ikafika, ambiri aluso timawaona pansanja za zipani atavala nsalu ya mtsogoleri, akuyimba zomutamanda. Ndimawamvetsa, pakuti nyimbo zikubedwa ndipo ana kunyumba akufuna chakudya. Komabe pamsika mtengo wa chimanga ukakwera, kuchipatala mankhwala akasowa, nyimbo yomwe anthu amaitsegula kuti iwalankhulire nthawi zambiri imakhala ya munthu amene anamwalira mu 2001.