Kung'atuka: Za Mafumu a Mapulogalamu Aufulu

Chingerezi chili ndi umphawi umodzi umene Chichewa ndi Chiswahili zilibe. Liwu lawo loti free limasenza matanthauzo awiri: chinthu chosalipira, ndiponso chinthu chosamangika. Ife timasiyanitsa ulere ndi ufulu, ndipo anzathu kuno ku Dar es Salaam amasiyanitsa bure ndi huru. Richard Stallman, amene anayambitsa ntchito ya GNU m'chaka cha 1983 nakhazikitsa bungwe la Free Software Foundation mu 1985, watha zaka makumi anayi akufotokozera anzake kuti mapulogalamu apakompyuta amene iye amawamenyera nkhondo ndi aufulu osati aulere chabe: munthu aloledwe kuwagwiritsa ntchito, kuona m'mene anawalukira m'kati, kuwasintha, ndi kugawirako ena. Mwana wa Sitandade 4 ku Ntcheu sangasokoneze ziwirizi.

Chimene chinandikokera ine, munthu wa zinenero, ku nkhani ya akatswiri a makinawa ndi ntchito yotchedwa Kilinux. Kumapeto kwa chaka cha 2004, aphunzitsi a zakompyuta pa Yunivesite ya Dar es Salaam, pamodzi ndi akadaulo a kafukufuku wa Chiswahili a TUKI komanso kampani ya ku Sweden ya IT+46, mothandizidwa ndi ndalama za bungwe la Sida, anatulutsa Jambo OpenOffice, pulogalamu yolembera makalata ndi kuwerengetsera masamu yoyankhula Chiswahili. Sanachite kupempha chilolezo kwa mwini malonda aliyense, pakuti chilolezocho chinali cholembedwa kale pa pulogalamuyo. Kampani ya Microsoft inadzatulutsa zake za m'Chiswahili pambuyo pake, mu 2005.

Koma kumasulira pulogalamu ndi kugamula milandu ya mawu. Kodi makinawa tiwatche kompyuta, monga amanenera wogulitsa mafoni ku Kariakoo, kapena tarakilishi, monga amafunira ena opeka mawu? Nanga mawu achinsinsi otsegulira, akhale nenosiri kapena nywila? Wina amayenera kugamula, ndipo chigamulo chake chimakakhala pamaso pa mlembi wa m'ofesi ya boma ku Mtwara amene sanaitanidwe kubwalo. Ife Amalawi msampha uwu timaudziwa bwino. Bungwe la Chichewa Board, limene linakhazikitsidwa mu 1972, linkagamula kalembedwe ndi kayankhulidwe koyenera, ndipo aliyense ankadziwa kuti khutu lomaliza kumvera linali la Kamuzu. Wa ku Nsanje kapena ku Likoma analibe kokadandaula ngati mawu a kwawo atchedwa olakwika.

N'chifukwa chake ndinadzidzimuka nditamva koyamba dzina limene anthu a mapulogalamu aufulu amapatsa ena mwa atsogoleri awo. M'Chingerezi amafupikitsa kuti BDFL, ndiye kuti wolamulira mwa yekha, wokoma mtima, wa moyo wake wonse. Iwo amanena moseka. Ine amene ndinakula tikuimbira Pulezidenti Wamuyaya, udindo umene Kamuzu anapatsidwa mu 1971, nthabwalayi imandikhala pakhosi ngati munga wa usipa. Nafenso tinkauzidwa kuti wathuyo ndi wokoma mtima.

Za Stallman zinafika pamponda chimera mu Seputembala 2019. Mawu amene analemba pa nkhani ya Jeffrey Epstein, poteteza mbiri ya malemu Marvin Minsky wa ku MIT, anakwiyitsa anthu ambiri, ndipo anatula pansi upulezidenti wa bungwe lake. Mu Malichi 2021 iye mwini analengeza pamsonkhano wa LibrePlanet kuti wabwerera m'komiti yoyendetsa bungwelo. Anthu zikwi anasaina kalata yofuna kuti iye ndi komiti yonse achoke, zikwi zinanso zinasaina yomuikira kumbuyo, ndipo kampani ya Red Hat inaleka kupereka ndalama. Sindifuna kuzenga pano mlandu wa mawu akewo. Chimene chinandivuta ine ndi njira imene anabwerera nayo. Anthu ochepa anakhala pansi nagwirizana, ndipo mamembala wamba amene amasonkha ndalama chaka ndi chaka anangomva nkhani itatha kale. Bungwe limene linaphunzitsa dziko lonse kuti pulogalamu isabise za m'kati mwake linali ndi kasankhidwe ka atsogoleri kosaoneka m'kati. Pambuyo pa phokosolo ndi pamene linatsegula mpata woti mamembala azitchula maina a anthu ofuna kulowa m'komiti.

Kwathu mfumu siidzilonga yokha. Amene amaloza mwini mpando ndi amayi a mbumba, ndipo mfumu ikamaweruza imakhala pakati pa nduna, pabwalo, anthu akumva. Sindikunena kuti mafumu athu ndi oyera. Tawaona akugulitsa malo a amasiye. Ndikungoti aliyense m'mudzi amadziwa khomo lokagogoda.

Dziko lino la Tanzania linapereka liwu lina lofunika pa nkhaniyi. Julius Nyerere atasiya upulezidenti mwa kufuna kwake mu 1985, anatcha chimene anachitacho kung'atuka, liwu lochokera m'chinenero cha kwawo cha Chizanaki, ndipo Chiswahili chinalilandira mpaka kulowa m'mabuku otanthauzira mawu. Guido van Rossum, amene analenga chinenero cha makompyuta cha Python, anang'atuka mu Julayi 2018 atatopa ndi mikangano, osasiya wolowa m'malo. Anthu ake anavutika miyezi ingapo, kenaka anagwirizana zoti azisankha bungwe la anthu asanu. Python sinafe ayi.

Okonda mapulogalamu aufulu amayankha kuti iwo ali ndi chishango chimene nzika za dziko zilibe: mtsogoleri akalakwa, mumangotenga pulogalamu yonse n'kukayamba mudzi wanu kwina. N'zoona ndithu, ndipo zinachitikira OpenOffice yomweyi. Kampani ya Oracle itagula Sun Microsystems mu 2010, ambiri mwa ogwira ntchitoyi anasamuka, nakhazikitsa The Document Foundation ndi pulogalamu ya LibreOffice, ndipo Chiswahili cha ku Tanzania chili pamndandanda wa zinenero zake. Thukuta la omasulira silingatsekeredwe m'nkhokwe ya kampani imodzi.

Komabe kusamutsa mudzi kumafuna anthu ambiri, nthawi, magetsi osazimazima ndi intaneti yotsika mtengo. Ajeremani angathe kutero usiku umodzi. Omasulira m'chinenero chonga chathu ungawawerenge ndi zala, ndipo ambiri amagwira ntchitoyi usiku, ataweruka ku ntchito yowadyetsa. Ntchito ikamayendera thumba la wopereka thandizo, malipoti amalembedwa m'Chingerezi kupita kunja, pamene oyankhula chinenerocho salandira lipoti lililonse. Thumba likatha, pulogalamu imapitirira kukula, mawu atsopano a Chingerezi amachuluka, ndipo omasuliridwa aja amasanduka tizilumba. Mlembi wa ku Mtwara ufulu wosintha pulogalamu ali nawo wonse, wolembedwa bwino m'chilolezo. Chimene alibe ndi munthu womufunsa chifukwa chimene theka la mawu pagalasi la kompyuta yake labwerera m'Chingerezi.

Ophunzira anga akandifunsa ngati Chichewa chingatsate njira ya Kilinux, ndimawauza kuti mawu savuta: a Centre for Language Studies ku Zomba anatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000, ndipo opeka mawu satisowa. Ndimawapempha kuti asanamasulire liwu ndi limodzi lomwe, ayambe alemba patsamba limodzi, m'Chichewa, amene adzagamule mawu, zaka zimene adzakhale pampandopo, amene angamuchotse, ndiponso kumene wa ku Chipata kapena ku Tete angakadandaule akaona kuti mawu a kwawo atayidwa.