Magazi a azakhali anapita kuti?

Inu amene simunafikeko kwathu ku Chikweo, dziwani kuti Mozambique tili nayo pafupi kuposa Liwonde. Ukangooloka nyanja ya Chiuta, wafika boma la Mecanhelas. Timakwatirana, timagulitsana nsomba, udzudzu wake ndi umodzimodzi. Koma mbiri ya matenda imathera pamalire. Mwana akalandira katemera uko, khadi lake ndi la Chipwitikizi; akadwala kuno, amugulira kabuku kena. Kwa wofufuza amene akuwerenga ali ku Blantyre, mwana mmodziyo ndi ana awiri, kapena palibe n'komwe.

Musaganize kuti ndikudana ndi kutumiza zinthuzi kunja. Mukukumbuka February 2022, boma litalengeza za poliyo mwa mwana wa ku Lilongwe? Zoyeza zija zinapita ku South Africa ndi ku America, ndipo n'kumene anazindikira kuti kachilomboko n'kapachibale ndi ka ku Pakistan. Pofika May kanapezekanso ku Tete. Tikanati zathu n'zathu, bwenzi tikungolota.

Koma kumbukiraninso November 2021. Akatswiri a ku South Africa ndi Botswana anauza dziko lonse za Omicron mosabisa. Malipiro ake? Britain ndi America anatseka zitseko, ife a Malawi n'kutiikamo m'gulu lomwelo. Ndiye mawa mukadzamva kuti boma lina likuchita ulesi kugawa ziwerengero zake, musadabwe.

Chimene chimandisowetsa tulo ine n'chaching'ono kuposa zimenezi. Azakhali anga analowa nawo kafukufuku wina wa malungo zaka zapitazo. Anawawerengera chikalata, anadinda chala, anapereka magazi, anapatsidwa ya transipoti. Mpaka lero ndikapita kumudzi amandifunsa kuti, "Iwe wa sukuluwe, magazi anga aja anapeza chiyani?" Sanabwere munthu kudzawauza. Mwina zotsatira zake zili m'kompyuta ina kutsidya la nyanja, m'Chingerezi choti ngakhale ine ndingatuluke nacho thukuta.

Malamulo alipo, sindikukana. Kafukufuku sayamba popanda chilolezo cha makomiti monga NHSRC kapena COMREC, ndipo kutulutsa magazi m'dziko kumafuna mgwirizano wolembedwa. Mu 2024 tinapezanso lamulo loteteza zinsinsi za anthu, lomwe likuyang'aniridwa ndi MACRA. Amati mayina amafufutidwa. Chabwino. Koma kumudzi kwa mabanja ochepa, mukalemba mudzi, zaka ndi matenda, mwatchula kale dzina. Funsani amayi a pachitsime.

Nanga chala chimene azakhali anadinda chinaloleza ofufuza okhawo amene anafika pakhomo, kapena wina aliyense amene adzapemphe faeloyo zaka 20 zikubwerazi? Mukamva mphekesera za anamapopa ngati zija za 2017, mumaseka kuti ndi umbuli. Ine sindiseka kwambiri. Azakhali sakhulupirira za anamapopa, koma ofufuza ena atabweranso, anatenga khasu n'kupita kudimba.