Kalata kwa mphwanga: asilikali oyenera kasinja wako wa T-34

Mphwanga wokondedwa,

Zithunzi zako ndaziona pa WhatsApp. Kasinja uja wamumanga mwaluso, matcheni akhala bwino pamawilo ndipo guluu sakuonekera paliponse. Koma bokosi la tiasilikali lomwe walozera kuti ndikugulire kuno ku Johannesburg sindigula. Ndalama ilipo, usadandaule. Vuto n'loti anthu a m'bokosi limenelo ndi a chaka cha 1941, pamene kasinja wakoyo anayamba kumenya nkhondo mu 1944. Ukawaika pamodzi ndiye kuti wanena bodza, ngakhale kwathu ku Nkhotakota sangakutsutse munthu. Lola ndikufotokozere komwe zinthuzi zachokera, kuti ulendo wina uzisankha wekha.

Tizidole ta asilikali si tadzana. Ku Ulaya ankatiumba ndi mtovu, ndipo mu 1893 kampani ya Britains ya ku London inapeza njira yotiumba ndi mphako m'kati, kotero tinatsika mtengo mpaka ana a anthu wamba n'kumatigula. Koma msinkhu womwe uli nawo iwe, wolembedwa 1/35 pabokosipo, unachokera ku Japan. Kampani ya Tamiya ya mumzinda wa Shizuoka inayamba ngati malo ochekera matabwa, kenako inalowa m'zidole. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 inapanga kasinja wa Ajeremani wotchedwa Panther woyenda ndi mabatire, ndipo kukula kwake anakupima potengera malo oti mabatirewo akwanemo. Atayerekeza ndi kasinja weniweni anapeza kuti wachepa ka 35. Muyeso umenewu unakhazikika, makampani ena n'kutsatira. Mu 1968 Tamiya inayamba kugulitsa tiasilikali ta msinkhu womwewo. Werengera wekha: munthu wa masentimita 175 amatuluka wa masentimita 5 okha.

Kwa zaka zambiri m'masitolo munadzaza Ajeremani. Asilikali a Soviet Union ankapezeka mwa apo ndi apo, chifukwa opanga zidole anali ku Japan, Britain, Italy ndi America, ndipo zithunzi ndi zolemba za ku Moscow sizinkatuluka wamba nthawi imeneyo. Zinthu zinasintha kuyambira cha m'ma 1990, pamene eni nkhani anayamba kudzipangira okha: Zvezda ku Russia, ndiponso ICM, MiniArt ndi Master Box ku Ukraine. Ine ndimakonda ntchito ya makampani amenewa chifukwa amaumba anthu akuchita zinthu za tsiku ndi tsiku, wina akudya, wina akupichira fodya, wina akukonza injini. Zimandiwawa kuti mayiko awiriwa, omwe makolo awo anakwera kasinja mmodzi, lero akuphana.

Kasinja wa T-34 anabadwira ku Kharkiv, ku Ukraine komweko. Mkulu wa amisiri ake anali Mikhail Koshkin, yemwe mu March 1940 anayendetsa akasinja awiri oyambirira kuchoka ku Kharkiv mpaka ku Moscow m'chisanu choopsa pofuna kuonetsa akuluakulu kuti ndi olimba. Anadwala chibayo n'kumwalira mu September chaka chomwecho, asanaone ntchito ya manja ake kunkhondo. Ajeremani atalowa m'dziko la Soviet Union pa 22 June 1941, fakitale yonse ya ku Kharkiv inapasulidwa n'kunyamulidwa pasitima kupita ku Nizhny Tagil, kumapiri a Ural. Akasinja oyambawo anali ndi mzinga wa mamilimita 76 ndipo munkalowa anthu anayi. Wakoyo ndi T-34-85: mzinga wa mamilimita 85, chimutu chachikulu, anthu asanu m'kati. Ndiye funso loyamba usanasankhe chidole chilichonse ndi ili: kasinjayu ali kuti, chaka chiti, mwezi uti?

Yang'ana pakhosi ndi pamapewa, mpomwe pali yankho. Boma la Soviet litalanda ulamuliro mu 1917 linachotsa zikwangwani za pamapewa za asilikali, poti zinkakumbutsa za akuluakulu a nkhondo a mfumu. Udindo wa munthu unkaoneka pakolala, pomwe ankamatapo timakona titatu kapena tinayi tachitsulo. Malaya ake anali ovala chodzera kumutu, a kolala yogwa. Mu January 1943, nkhondo ya ku Stalingrad ikupita kumapeto, mtsogoleri wa dzikolo Stalin anabweza zikwangwani za pamapewa zija, ndipo malaya atsopano anakhala a kolala yoimirira yomanga ndi mabatani. M'chaka cha 1943 chenichenicho ambiri ankangosokerera zikwangwanizo pamalaya akale, kotero ukanakhala ukumanga za nkhondo ya ku Kursk ya mu July 1943 ukanatha kusakaniza. Koma a m'bokosi lako lija ali ndi zizindikiro pakolala, pamapewa palibe kanthu. Amenewo ndi anyamata a miyezi yothawa ndi yozingidwa ya 1941, ndipo ambiri a iwo sanafike 1944.

Nyengo nayo isankhe. M'chilimwe msilikali ankavala kachipewa kopindika kotchedwa pilotka kapena chisoti chachitsulo. M'chisanu ankavala ushanka, chipewa chaubweya chophimba makutu, ndi jekete yosokerera thonje m'kati, ya mizere yotsika, kapena chikhoto chachitali, nthawi zina ndi chinsalu choyera pamwamba. M'majombo sankavala masokosi, ankakulunga mapazi ndi nsalu. Oyendetsa kasinja anali ndi ovolosi yakuda kapena yabuluu woderako, ndi chipewa chansalu cha mizere yotukuka yoteteza mutu ukagunda chitsulo. Usaike wa chikhoto cha chisanu pambali pa wa malaya okha. Ndipo chonde, AK-47 ayi. Ndikudziwa kuti ife tikamva za mfuti ya ku Russia timaganiza imeneyo, yomwe ili pa mbendera ya Mozambique, koma inabwera nkhondo itatha. A nthawi yako ankanyamula mfuti yaitali ya Mosin-Nagant, ndipo okwera pakasinja makamaka ankanyamula PPSh-41, yaifupi, ya chibekete chozungulira cholowa zipolopolo 71, kapena chopindika cholowa 35.

Pa okwera pakasinjawa ndikufuna uimepo pang'ono, chifukwa ndiwo ndakusankhira. Gulu lankhondo la Soviet linalibe magalimoto okwanira otetezeka onyamulira asilikali oyenda pansi. Komanso kasinja payekha saona bwino zapafupi, munthu wobisala m'dzenje akhoza kumuponyera bomba n'kumutentha. Ndiye anyamata ankakwera pamsana pa kasinja, kuseri kwa chimutu, pamwamba pa injini, n'kupita naye mpaka pakamwa pa adani, kenako n'kudumpha kuti amuteteze. Mafakitale anafika powotcherera zogwirira zachitsulo m'mbali, ndipo ukayang'anitsitsa pa kasinja wakoyo uziona, tizitsulo topindika pachimutu ndi m'nthiti. A m'kati anali ndi chitsulo chowatchinga. Iwowa analibe chilichonse. Mfuti zonse za adani zinkalunjika pa kasinja, ndipo oyamba kulasidwa anali iwo. M'chisanu kutentha kwa injini kunkawathandizako, koma kunali kukwera ndi imfa pambali. Soviet Union inataya anthu pafupifupi 27 miliyoni pankhondoyo, asilikali ndi anthu wamba. Ukamamata kamunthu ka masentimita asanu pamenepo, dziwa kuti ukuimika mnyamata wa msinkhu wako yemwe mwina anachoka kwawo asanakwatire n'komwe.

Nkhope zawo usazipake mofanana. M'gululo munali Arasha, a ku Ukraine, a ku Georgia, a ku Uzbekistan, a ku Kazakhstan ndi mitundu ina yambiri. Gulu la Panfilov lomwe linatchinga Moscow mu 1941 linasonkhanitsidwa ku Alma-Ata, pakati pa Asia. Amayi nawo analipo. Mariya Oktyabrskaya, mwamuna wake ataphedwa, anagulitsa katundu wake n'kupereka ndalama zogulira T-34, n'kupempha kuti aziyendetsa yekha. Anavulala akukonza tcheni cha kasinjayo pakati pa zipolopolo, ndipo anamwalira mu March 1944.

Tsopano za kukonza. Chidole chotuluka m'bokosi chimakhala chouma thupi, ngakhale cha kampani yabwino. Choyamba pala mzere wa chikombole womwe umatsika m'mbali mwa manja ndi miyendo. Tenga lezala, uimike chopingasa, uzikanda pang'onopang'ono, osadula. Ukausiya mzerewo penti amauonetsa kwambiri. Ukatero usathamangire guluu. Khazika kamunthuko pamalo pake pakasinja, uwerame mpaka diso lifanane ndi tebulo, uone ngati pakuoneka kuwala pakati pa matako ndi chitsulo, kapena pakati pa chikhatho ndi chogwirira. Pakaoneka kuwala ndiye kuti munthuyo akuyandama, ndipo aliyense azindikira ngakhale sangathe kunena cholakwika.

Mphunzitsi wako pano ali pamsewu wa M5. Pita ukaime pomwe pamadutsa malole a matola opita ku Dwangwa kapena ku Salima, uone mmene anthu amakhalira pamwamba pa matumba galimoto ikulowa m'maenje. Palibe amene amakhala chowongoka. Wina wakowa chitsulo ndi mkono wonse, wina wagwira lamba wa mnzake, wina waponda chidendene pampata kuti asaterereke, mapewa akwera, mitu yapendekera kumodzi kuthawa fumbi. Okwera pa T-34 ankakhala chomwecho, kuwonjezapo mantha. Ukabwerera kunyumba dula mkono wa chidolecho paphewa ndi pachigongono, uboole ndi singano yotentha, ulowetsemo kawaya kakang'ono ka kopa ka m'chingwe chakale cha magetsi, upinde mpaka dzanja lifike pachogwirira. Zala uzifunditse pang'ono m'madzi otentha kenako uzipinde zigwiredi. Mipata yotsala utseke ndi Pratley Putty, yosakaniza ziwiri ija, ndipo isanaume ujambulemo makwinya a nsalu ndi kamtengo kotokosera mano konyowetsa. Malamba a mfuti udule kuchokera ku kachitsulo kopyapyala ka kuseri kwa paketi ya mapiritsi. Lamba azilendewera motsata kulemera kwa mfuti, asaime m'malere. Manja ako anazolowera kale kupinda magalimoto a mawaya ndi kuumba ng'ombe za dothi, ntchito imeneyi sikukanika.

Popaka penti, tsuka kaye tizidoleto ndi sopo kuti mafuta a m'manja achoke. Penti akhale wopyapyala, upake kawiri kapena katatu m'malo mopaka kamodzi kochindikala. Yunifolomu ya Soviet sinali ya mtundu umodzi: mafakitale anali ambiri, dzuwa ndi kuchapa zinkaifufutsa, ina mpaka kuyererako. Ndiye msilikali aliyense umusinthire pang'ono, wina wobiriwirako, wina wotuwa, watsopano pagulu akhale wa malaya owala. M'makwinya muderetse, pamawondo ndi pazigongono pawalitse. Maso usawapake zoyera. Ukayang'ana chidole uli masentimita 30 kutali, zili ngati ukuona munthu ali pamtunda wa mamita 10, ndipo pamenepo umangoona mthunzi pansi pa zikope. Kamzere kakuda kofiirira n'kokwanira.

Pansi pomwe kasinja adzaime usathirepo mchenga wa kunyanja. Kambewu ka mchenga ka milimita imodzi pamuyeso uwu ndi mwala wa masentimita atatu ndi theka, ndiye nthaka yonse ingaoneke ngati msewu wa miyala. Katape dothi la kudambo, uliumitse, ulisinje, ulisefe ndi nsalu, kenako usakanize ndi guluu wa matabwa ndi madzi. Dothi lomwelo upakeko kumajombo, kumawondo ndi kumatcheni, kuti anthu ndi kasinja aoneke kuti ayenda njira imodzi. Ukamaliza usaike pawindo kapena pafupi ndi malata, kutentha kwa October kwathuko kumapinda pulasitiki. Vundikira ndi chigubu choonekera chodula, apo ayi fumbi la mwera lidzadzaza m'makwinya monse.

Pali njira inanso yomwe ungadzaiganizire pa kasinja wachiwiri. T-34-85 sanathere ku Berlin mu 1945. Soviet Union inatumiza akasinja amenewa kumayiko ambiri, ndipo Mozambique, tsidya la nyanja yathuyi, inalandira ena italandira ufulu mu 1975. Nkhondo ya FRELIMO ndi RENAMO, yomwe inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992, inathamangitsira kwathu anthu pafupifupi miliyoni. Ukadzamanga kasinja wa nthawi imeneyo, AK-47 idzakhala pamalo pake, ndipo nkhope zidzakhala zonga zathu. Komanso m'chaka chomwecho cha 1944 chomwe ukumangachi, asilikali a KAR ochokera ku Nyasaland anali m'matope a chigwa cha Kabaw ku Burma akumenyana ndi Ajapani. Tizidole tawo sitipezeka wamba m'masitolo. Wofuna kuwaumba amayamba ndi thupi la msilikali wa Britain n'kukonza mutu ndi chipewa yekha, ndipo ndikufuna udzayese luso lako likakhwima.

Ndiye chomwe ndikutumizira ndi ichi: bokosi limodzi la okwera pakasinja a 1943 mpaka 1945 ovala za chilimwe, lina la oyendetsa kasinja, maburashi awiri osongoka, Pratley Putty ndi timabotolo ta penti wosungunula ndi madzi. Ndipatsira a transipota onyamuka kumapeto kwa mwezi, adzakuimbira akafika ku Lilongwe. Pakasinjapo usadzazepo onse, anayi kapena asanu akwana, otsalawo uphunzirirepo kudula ndi kupinda. Woyamba ukamukhazika, mujambule cham'mbali usanamate, unditumizire tione limodzi.

Upereke moni kwa amayi ndi achemwali, uwauze kuti ndili bwino. Undiuzenso ngati mpunga mwamaliza kumweta.

Ine mkulu wako.