Za Chimbale Chotchedwa Maliro

Abale, mwezi uno mundilole ndisimbe za nyimbo zimene sizili m'buku lathu la nyimbo. Mwana wa mlongo wanga, pobwera kudzapuma, anandimvetsa chimbale cha anyamata ndi asungwana a ku Montreal, m'dziko la Canada, otchedwa Arcade Fire. Ndicho chimbale chawo choyamba, chinatuluka m'chaka cha 2004, ndipo dzina lake ndi Funeral, ndiko kunena Maliro. Anachitcha chotero pakuti m'miyezi ija anali kuchikonza imfa inalowa m'mabanja mwawo: anamwalira agogo aakazi a Régine Chassagne, agogo aamuna a Win Butler ndi mng'ono wake William, ndi mbale wina wa Richard Reed Parry.

Poyamba sindinakondwe nacho iai. Ine ndinaphunzira kuti woimba azisunga liwu lake, asapitirire anzake. Koma liwu la Win Butler linjenjemera ndi kusweka ngati la munthu woitana bwato tsidya lija. Magitala, ng'oma, vayolini, zonse zilira pamodzi. Ndinati mumtima, Mwana wotere m'kwaya yanga ndikadamuika kumbuyo.

Koma usiku ndinakhala pansi kutchera khutu ku mawu ake, ndipo ndinaleka kuseka. Nyimbo yoyamba isimba za ana awiri m'mudzi wokwiririka ndi chipale chofewa, makolo ali kulira m'nyumba, iwo nakumba njira yapansi kuti akomane. Ina isimba za mudzi umene magetsi azima pa nyengo ya chisanu, ana nayendayenda panja osowa wowayang'anira. Ndipo zoterezi zinaonekadi ku Montreal m'chaka cha 1998. Ina aiimba Régine, mawu ena m'Chifalansa, kulira dziko la Haiti limene makolo ake analithawa m'masiku a Duvalier.

Tsono ilipo nyimbo ina, Wake Up, imene pofika pakati onse angofuula pamodzi popanda mawu. Pamenepo ndinazindikira chimene ndinali kumva. Kodi si momwemo pa siwa, tambala woyamba asanalire, amayi atatopa, mawu atasasa, wina nayambitsa nyimbo ndipo onse nalandira? Ndani pamenepo afunsa ngati liwu lili losalala?

Sindibisa kuti za kuuka kwa akufa sindinazimvemo, ndipo chimenechi chinandisowetsa mtendere. Nyimbo izi sindingaziike m'malo mwa zathu pa manda. Koma sizinama za chisoni, monga tichita ife ena pofulumira kutontholetsa mfedwa asanalire.

Yotsiriza ndiyo inandigwira pakhosi. Aiimba Régine yekha ndi liwu laling'ono, za munthu wokonda kukhala kumbuyo m'galimoto, wina nayendetsa, iye nangoyang'ana minda ilikupita. Koma wamkulu uja wafa, ndipo tsopano ayenera kuyendetsa yekha. Pamene anamwalira amayi anga, adzukulu anadza kudzafunsa kumene akakumbe. Ine ndinacheuka kufuna amalume kuti ayankhe, ndipo ndinaona kuti anthu onse alikuyang'ana ine. Tsiku lomwelo ndinali ndi imvi kale, ndi ana asanu, koma ndinacheuka ndithu.

Nyimboyo itatha ndinamuuza mnyamata uja kuti aibwezerenso. Iye anandiyang'ana, nati, "Amalume, paja munati ndi phokoso?" Ndinati, "Bwezera, mwanawe."