Chitsulo Chakale cha m'Bafa ku Minda ya Tiyi ya ku Thyolo

M'mwezi wa Julayi tinanyamuka ku Limbe mbandakucha pa ulendo wa ku Thyolo, kumene mlamu wathu ayang'anira chigawo cha munda pa esiteti ina ya tiyi. Anatiitana kuti tikamthandize maganizo pa ntchito yokonzanso bafa la m'nyumba imene akhalamo, ndipo ife tinavomera msanga, si chifukwa cha luso lathu ayi, koma pakuti tinalikulakalaka kuonanso dzikolo. Mtunda wake sufika makilomita 40. Pa Bvumbwe tinapeza amayi atayala kale kabichi ndi mbatata m'mbali mwa msewu, atafunda nsalu ziwiriziwiri. Ndipo titangopitirira pamenepo nkhungu inatiphimba, kotero kuti woyendetsa anayatsa nyali za galimoto dzuwa litatuluka kale.

Nkhungu imeneyi ndiyo chiperoni, chimene chinatenga dzina pa phiri la Chiperone la ku Mozambique, pakuti mphepo yonyowa imene ichibweretsa ichokera mbali yomweyo. Chikafika chikhala masiku atatu kapena anayi, ndi mvula yowaza yosaleka. Zovala siziuma, machesi akana kuyaka, ndipo kuzizira kwake kulowa mpaka m'mafupa. Anthu a ku Chikwawa sakhulupirira kuti m'dziko lomwelino muli malo otere. Koma tiyi achikonda chinyezi chimenechi. Henry Brown anayamba kumdzala ku Mulanje mu 1891, ndipo ku Thyolo anafika cha m'ma 1908. Lero mukayang'ana uku ndi uku muona zitunda zonse zitavala zobiriwira, zosalala monga mphasa yoyala bwino. Nyengo ino si yothyola tiyi wambiri, koma yodulira, ndipo tinaona amuna ali ndi zikwanje zawo m'nkhungumo, atamanga mapepala apulasitiki m'chiuno.

Azungu amene anatsegula mindayi anamanga nyumba zonga zakwawo, za makoma ochindikala, khonde lalikulu ndi malo osonkhapo moto m'chipinda chochezera. Yodziwika koposa ndiyo nyumba ya Huntingdon, imene Maclean Kay anamanga mu 1928 pa esiteti ya Satemwa, imene anaiyamba mu 1923. Ya mlamu wathu ndi yaing'ono ndi yopanda mbiri, koma m'bafa mwake tinapezamo chinthu chimene sitinachionepo m'nyumba ina iriyonse kuno kwathu: chitsulo chofika m'chiuno, cha nthiti zisanu ndi zitatu, choimikidwa pansi pa zenera, utoto wake utasupuka ndi dzimbiri litadya miyendo yake. Ana a pakhomopo anali kuyanikapo masokosi, osadziwa kuti n'chiyani.

Dzina lake ndi rediyeta. Amakaniko aidziwa rediyeta ya galimoto, imene ichotsa kutentha m'madzi a injini ndi kukutaya ku mphepo. Iyi ndi mbale wake, koma kutentha kumene itulutsa ndiko kofunikako, pakuti kufunditsa chipinda ndi kuumitsa matawulo. Ambiri atchula Franz San Galli, amene anali ndi fakitale ku St Petersburg cha m'ma 1855, monga mmodzi wa oyamba kupanga zitsulo zotere, ndipo m'maiko a chisanu ziri m'nyumba zambiri. Chitsulo chake ndi chonga cha mphika wa miyendo itatu: cholemera, chochedwa kutentha, koma chosafulumiranso kuzirala.

Tsono madzi otentha anali kuchokera kuti? Tinatuluka kunja, ndipo kuseri kwa khoma la bafa tinaona mgolo wa malita 200 utagonekedwa pa ng'anjo ya njerwa, kachumuni kali pambali. Angelezi a kuno anali kuutcha donkey, ndiye kuti bulu, kapena chifukwa cha kupirira kwake. Nzeru yake ndi yapafupi, koma yokondweretsa. Madzi akatentha apepuka nakwera okha. Choncho paipi yochokera pamwamba pa mgolo inali kutengera madzi otentha ku mpope wosambira ndi ku rediyeta, ndipo m'mene azirala m'nthiti muja anali kulemera natsikira ku mgolo ndi paipi yapansi. Popanda injini, popanda magetsi, madzi anali kuzungulira tsiku lonse, malinga moto usazime. Panalinso paipi yachitatu, yaitali, yoloza kumwamba kupitirira denga, yopindika kunsonga ngati ndodo ya nkhalamba. Muikumbukire paipi imeneyi, pakuti tibwererako.

Tanena kuti malinga moto usazime. Ndipo moto susonkha wokha. M'mene tinali chiimire pamenepo anafika agogo ena a m'mudzi wa pafupi, Alomwe, a zaka ngati 80, amene anamva kuti bulu uja alikuphwasulidwa. Anatiuza kuti anayamba kusonkha ng'anjo yomweyo ali mnyamata, atate awo akali kugwira thangata, ndiyo ntchito imene okhala pa malo a esiteti anali kulipira nayo malowo kufikira inathetsedwa mu 1962. Tambala woyamba akalira iwo anali atafika kale ndi mtolo wa nkhuni, kuti bwana akadzuka apeze madzi otentha ndi tawulo lofunda; madzulo chimodzimodzi. Okha anali kusamba ku mtsinje. Sananene zimenezi modandaula ayi, koma monga munthu wofotokoza njira ya ku mudzi wina. Ife ndife amene tinasowa poyang'ana.

Nkhuni zija nazonso ziri ndi mlandu wake. Maesiteti adzala bulugamu wambiri, pakuti mafakitale aumitsa tiyi ndi moto wa nkhuni, koma anthu a m'midzi, amene malo awo ndi ochepa zedi, alibe nkhalango yawoyawo. Phiri la Thyolo, lotalika mamita oposa 1,400, linali ndi nkhalango yowirira. M'zaka zoyandikira 2000 inagwetsedwa pafupifupi yonse, nutsala msitu wochepa wa mbali ya Satemwa, kumene kabisala kambalame kosowa kotchedwa Thyolo alethe. Munthu amene waona phiri limenelo lero sangaone mopepuka mtolo wopsereza madzi osamba tsiku ndi tsiku.

Ntchito inayamba m'mawa mwake. Pulambala anali mnyamata wa changu, wophunzira ndithu, koma wozolowera nyumba zatsopano za m'tauni. Anayamba bwino: anazimitsa moto, natseka madzi ochokera ku thanki, nadikira mgolo uzirale, ndipo pamenepo anamasula kampope kapansi kuti madzi onse atuluke. Chimene chinatuluka sichinali madzi, koma phala lakuda bii, lonunkha chitsulo, ndilo dzimbiri la zaka zambiri limene linatseka nthiti zapansi. Ndicho chifukwa chake rediyeta inaleka kufunda kalekale. Mfundo za mapaipi zinakana sipanala, ngakhale anazithira mafuta ndi kuziwotcha, ndipo potsiriza anazicheka ndi sowo. Pochinyamula chitsulocho panafunika amuna anayi ndi mitengo iwiri, ndipo ngakhale tero chinaswa sitepe ya pakhomo. Tikulangizani inu amene mudzachite ntchito yonga iyi kuti muyambe mwayala matabwa, ndiponso kuti musaike matailosi atsopano chitsulo chakale chisanatuluke.

Atatseka mapaipi awiri a rediyeta, mnyamatayo anakweza maso naona paipi yaitali ija, imene inali kudontheza madzi adzimbiri pa khoma lopakidwa kumene laimu. Anatenga sowo kuti aidule ndi kuitseka ndi chivindikiro. Agogo aja, amene anakhala chete pa chitsa m'mawa wonse, anaimirira.

"Mwana wanga, imeneyo ilekeni. Ndiyo mphuno yake. Mukaitseka apumira kuti?"

"Agogo, paipi imeneyi ilibe ntchito, ingoipitsa khoma."

"Inu mwaiona lero. Ine ndaimva ikulira usiku madzi atawira, kufuula ngati sitima ya pa Luchenza. Bwana, auzeni asaikhudze."

Agogo analondola. Madzi akawira nasanduka nthunzi afuna malo oposa 1,600 kuyerekeza ndi amene anali nawo poyamba. Ndipo mgolo wokhala pamoto, paipi yopumira itatsekedwa, mpope wa madzi ozizira utatsekedwanso monga unaliri tsiku limenelo, ukhoza kuphulika ndi kugwetsa khoma pamodzi ndi mwana wosamba kuseri kwake. Giza yamagetsi iri ndi kavavu kake kotulutsa mphamvu yopitirira, ndi kachida kozimitsa magetsi madzi akatentha mokwanira. Mgolo ulibe zonsezi, uli ndi mphuno yokhayo. Mnyamatayo anaganiza pang'ono, naika sowo pansi, napepesa mwaulemu. Ndipo ife tinamlemekeza koposa chifukwa cha ichi.

Madzulo kunali mtsutso pa khonde. Mlamu wathu anafuna giza yamagetsi basi, kuti za nkhuni zithe. Mlongo wathu, mayi wa pakhomopo, anamkumbutsa za chaka cha 2022, pamene namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire m'mwezi wa Januwale, dziko nilitaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. M'masiku amenewo, anatero, ndi bulu yemweyu amene anasambitsa ana. Ife tinanenera giza ya dzuwa, pakuti miyezi yambiri ya chaka ipatsa madzi otentha kwaulere, ikaikidwa moyang'ana kumpoto, kumene dzuwa lipendekera m'nyengo yozizira, ndi thanki yake pamwamba pa magalasi, kuti madzi akwere okha monga muja achitira mu mgolo. Koma tinayenera kuvomera kuti pa chiperoni, pamene madzi otentha afunika koposa, dzuwa silioneka konse. Wina anati m'bafa mukazizira angolowetsamo mbaula. Apo tonse tinakana ndi mawu amodzi, pakuti makala oyaka m'chipinda chotseka atulutsa mpweya wopanda fungo umene ugoneka munthu tulo tosadzuka nato.

Anagwirizana chotere: giza ya dzuwa yokhala ndi chotenthetsera chamagetsi m'kati ikwere padenga, mgolo utsale, ndi mpope wakewake ndi mphuno yake yatsopano, wosonkhedwa pa masiku a nkhungu okha, ndipo pamalo pa rediyeta pulambala apinde paipi yakopa kanayi, yolumikiza ku mgolo, youmitsirapo matawulo. Anaboolanso khoma naikamo njerwa ziwiri zamabowo, chifukwa nkhungu yakuda ya pa makoma a bafa ichokera ku nthunzi yosowa potulukira, ndipo utoto wokha suichiritsa. Sitinena kuti paipi yakopayo ifunditsa chipinda monga chitsulo chakale. Siifika, ndipo wosamba mu Julayi adzafulumirabe kuvala.

Ogula zitsulo zakale anamva msanga, nafika ndi sikelo yawo tisanachoke. Koma mlongo wathu anali atalonjeza kale. Tsiku lobwerera ku Limbe, dzuwa litayamba kuboola nkhungu, tinapitirira ngolo ya ng'ombe ikutsika pang'onopang'ono pakati pa mizere ya tiyi, rediyeta itagonekedwa pa matumba, agogo aja atakhala pambali pake. Tinaimitsa galimoto ndi kufunsa chimene akachita nayo. Anati akaiika pakhonde pa njerwa zinayi ndi thabwa pamwamba, pakuti dzuwa likaiomba masana isunga kufunda kufikira madzulo, ndipo msana wawo ufuna chotsamira.