Lamba wa injini adatiimitsa kupitirira pa Ngara

Ndidanyamuka ku Mzuzu m'mamawa tsiku lina mu October pa ulendo wa ku Songwe kukatenga minibasi yomwe ndidaitanitsa ku Japan. Ndidaikapo ndalama zanga zonse za penshoni, choncho mtima udali m'mwamba. Galimoto zotere zimatsitsidwa pa doko la Dar es Salaam n'kuyenda pamsewu mpaka pa chipata cha Songwe, pomwe eniake amakazilandira akalipira msonkho.

Kuchoka ku Mzuzu kukafika pa boma la Karonga ndi mtunda woposa makilomita 200 pamsewu wa M1. Ndidakwera minibasi ya Toyota Hiace. Tidatsetsereka mapiri a Chiweta mabuleki akununkha, nyanja ikunyezimira kumunsi. Titadutsa Chitimba kudayamba kutentha kwa kunyanja, ndipo tidaona minda ya mpunga ya ku Hara, nthochi ndi ng'ombe zodya m'mbali mwa msewu. Pa Uliwa anthu adatsika, ena n'kukwera. Pa Ngara padakwera mayi wina ndi beseni la usipa wauwisi wokagulitsa ku msika wa Karonga.

Sitidapite patali. Injini idangozima ngati nyali yothimitsidwa ndi mphepo, popanda utsi kapena phokoso lalikulu. Adalaivala adakhotetsera kumbali n'kuyesa kuliza. Sitata idazungulira mopepuka, koma injini osadzuka. Kondakitala adati tikankhe. Bambo wina wachikulire yemwe adakhala kutsogolo adakaniza: "Adalaivala, musalizenso. Mukungowonjezera maliro."

Patatha maola awiri makaniko adafika pa njinga yamoto kuchokera ku boma. Adatukula mpando wakutsogolo, pakuti injini ya Hiace ili pansi pake, n'kumasula chivundikiro cha kumaso kwa injiniyo. Adatulutsa lamba wakuda wamanomano, woduka, mano ena atagumuka. Uyu ndiye amakaniko amamutcha taimingi beluti.

Popeza nanenso ndimakatenga galimoto yotereyi, ndidasendera pafupi. Adandifotokozera kuti lambayu ngwosiyana ndi fani beluti yomwe timaiona kunja. Iye amalumikiza kirankishafuti, yomwe imayendetsedwa ndi mapisitoni, ndi kamushafuti, yomwe imatsegula ndi kutseka mavalavu. Kirankishafuti ikazungulira kawiri, kamushafuti imazungulira kamodzi. Pa injini za dizilo za 3L ndi 5L lamba yemweyo amayendetsanso pampu ya mafuta. Akaduka, mavalavu amaima pomwe ali pamene mapisitoni akadali kukwera, ndiye zimagundana. Mavalavu amapindika, ndipo nthawi zina mutu wa injini umawonongeka. Apa ndipamene ndidamvetsa maliro omwe bambo uja ankanena.

Kenako adatiitanira ku dashibodi. Pakona padamatidwa kachitepi kakuda. Atakamatula n'kupotoza kiyi, padayaka mawu oti T-BELT, osazima. Nyali imeneyi Toyota adaiika kuti iyake galimoto ikakwanitsa makilomita 100,000 pa injini zakalezi, kukumbutsa kuti lamba asinthidwe. Adalaivala adangozyolika. "Ndidawauza abwana mwezi wathawu," adatero. "Adati tiyambe tapeza ya sukulu fizi." Zengerezu adalinda kwawukwawu: tsopano abwanawo amayenera kugula mavalavu, gasiketi ndi lamba yemwe uja, galimoto itaima masiku osalowetsa kanthu.

Amene adalipira msanga mtengo wa lambayo ndi mayi wa usipa. Minibasi zonse zimadutsa zodzaza, ndipo kondakitala adalibe ndalama yotibwezera tonse. Dzuwa la Karonga silichitira chisoni nsomba. Pomwe tinkapeza lole yotitenga, mayiyo adali atayamba kugulitsa usipa wake motchipa kwa odutsa pa njinga. Mpamba wake udathera pamsewu pomwepo.

Mawa lake ndidayenda makilomita pafupifupi 45 otsala, kudzera pa Kaporo, kukafika ku Songwe. Kutsidya kwa mlatho ndi Kasumulu, dziko la Tanzania. Galimoto zochokera ku Japan zidali ndandanda, zonyezimira ngati zatsopano. Yanga idali yoyera, mipando yosang'ambika. Koma maso anga adathamangira pa mita: makilomita 118,000. Ndidafunafuna kapepala komwe magalaja a ku Japan amamata akasintha lamba, kolembapo makilomita ndi tsiku. Padalibe. Nyali ya T-BELT sidali kuyaka, koma makaniko uja adali atandichenjeza kuti nyaliyi imatheka kuizimitsa lamba osasintha.

Dalaivala yemwe ndidapangana naye adati: "Madala, galimoto yachoka ku Dar es Salaam bwinobwino. Ku Mzuzu n'pafupi, mukasinthira konko." M'thumba mudali mutatsala zochepa, ndipo mawu akewo adandikomera. Koma ndidakumbukira kuti pakati pa Karonga ndi Mzuzu pali chikweza cha Chiweta chokhotakhota. Injini ikazima pamenepo, chiwongolero chimalemera ndipo mabuleki amauma. Tidayenda pang'onopang'ono mpaka pa boma la Karonga, n'kukaima kwa makaniko yemwe uja.

Iye adakana kusintha lamba yekha. Adati tigule ndi tenshona, kagudumu komwe kamakunga lambayo, komanso kagudumu kena komutsogolera, chifukwa bering'i yake ikagwira imadula ngakhale lamba watsopano. Adayang'ananso masiilo ngati akudontha, poti oilo amafewetsa labala. M'sitolo adandionetsa malamba awiri, wina wotchipa m'bokosi lokongola, wina wodula. Adandiuza kuti ndiwerenge mano ndi kufananiza nambala ndi ya injini yanga, ndipo tidatenga wodulayo. Pomanga adalunjikitsa zizindikiro za pa magudumu onse, n'kuzunguza injini kawiri ndi sipanala asanalize.

Podikira ndidakazungulira ku nyumba yosungira zakale ya Karonga, yomwe idatsegulidwa mu 2004, kukaona mafupa a chinyama chija cha Malawisaurus. Nditabwerako adandipatsa lamba wakale m'manja. Kunja adali wosalala, koma nditamupinda padaoneka timing'alu m'tsinde mwa mano. Sadasinthidwepo chichokere ku fakitale.

Anzanga omwe mukukatenga galimoto ku Songwe, funsani kaye ngati injini yanu ili ndi lamba kapena tcheni, pakuti zina zili ndi tcheni. Ngati ndi lamba ndipo palibe umboni woti adasinthidwa, msinthireni pa Karonga pomwepo. Lembani makilomita ndi tsiku pachivundikiro, ndipo mita ikafa ikonzeni, chifukwa popanda iyo simungadziwe nthawi. Zaka nazonso zimakalambitsa labala ngakhale galimoto isayende kwambiri. Eni minibasi, dalaivala akakuuzani za nyali ija mumvereni, poti mwanyamula mipamba ndi miyoyo ya anthu.

Tidakwera Chiweta madzulo a tsiku lotsatira. Lamba wakaleyo ndidamukoleka pa msomali kunyumba, ndipo pachivundikiro cha injini ndidalembapo ndi penti: 218,000.