Tsiku langa pagombe la Muizenberg

Ndisanayambe uphunzitsi kuno ku Thekerani, ndinkagwira maganyu ku Cape Town. Pa 26 December abwana atatseka ntchito, ndidakwera sitima kupita kugombe la Muizenberg.

Ine wokulira mumtsinje wa Ruo ndinkadziyesa katswiri wosambira, koma funde loyamba lidandigwetsa chagada, mchere uli tho m'kamwa.

Mkulu wina adandiuza kuti nthawi ya tsankho munthu wakuda sankaponda pamchengapo. Lamulolo lidatha mu 1990. Tsikulo mabanja amitundu yonse ankadyera limodzi. Ine ndidakhala ndekha, kuganiza za mayi akusenda nthochi kumudzi opanda wowatumikira.

Usiku womwewo ndidayamba kusunga ndalama ya basi. Lero ndikamaphunzitsa za mafunde, ndimayambira pa kugwa kwanga kuja, ana n'kufa nacho chiseko.